National Breweries ndi mowa wosayenda ulendo wautali

Pakiti ya Chibuku ili ndi kabowo pamwamba, ndipo aliyense amene anaigwirapo amadziwa kuti pokhutchumula uyenera kutsekapo ndi chala. Kabowoko anakaika dala. Mowa umene uli m'katimo umakhala ukuwirabe, ukutulutsa mpweya, moti atautsekera ndithu pakitiyo ingafufume mpaka kuphulika. Tsiku loyamba umakhala wotsekemera ngati thobwa, mphamvu yake yosafika ndi 1 peresenti yomwe. Masiku akamapita umanka nukhwima mpaka cha m'ma 4 peresenti, ndipo sabata isanathe wasasa, wosamwekanso. Mbiri yonse ya National Breweries, kampani imene imafulula Chibuku m'Zambia muno, yazungulira pa khalidwe limeneli la mowa wa masese. Malo omanga mafakitale, mapangano ndi makhonsolo, mikangano ndi boma, ngakhale kubwera kwa botolo la pulasitiki, zonse zinachokera pa vuto limodzi: ungagulitse bwanji kwa anthu miyandamiyanda chinthu chimene chimawonongeka m'masiku owerengeka?

Mowawo sunayambire ku fakitale. Kuno kum'mawa, pakati pa Achewa, Angoni, Ansenga ndi Atumbuka, kufulula inali ntchito ya amayi, ndipo inali ntchito yofuna mutu. Mayi ankanyika mawere, mapira kapena chimanga m'madzi, n'kuzivundikira mpaka zitamera, n'kuyanika padzuwa, n'kusinja kuti apeze chimera. Kenako ankaphika phala lamadzimadzi m'mbiya zikuluzikulu, kulisiya kuti lizizire ndi kuwawasa pang'ono, kuliphikanso, kuthira chimera, kudikira, kusefa. Kutentha kwa phala ankakuyesa ndi dzanja, ndipo kuti mowa wapsa ankadziwira ku fungo ndi kaphokoso ka thovu. Ntchito yonse inkatenga pafupifupi sabata, n'chifukwa chake m'matauni mowa woterewu anthu anaupatsa dzina loti seveni dezi. Wofulula bwino ankadziwika mudzi wonse ndi midzi yoyandikana nayo.

Mowa umenewu sunali wongomwa pocheza. Munthu akafuna kuti anzake amuthandize kupalira kapena kukolola ankafulula mowa wa dima. Maliro akapita, patatha miyezi, abale ankafulula wina wokumbukira malemu ndi kumasula ofedwa. Chinamwali, ukwati, kulonga ufumu, kupepesa mizimu ya makolo mvula ikavuta, zonsezi zinkayenda ndi mtsuko. Chipanda chinkayambira kwa akuluakulu, ndipo mwini mowa ankayamba walawa yekha pamaso pa anthu kuti onse amwe mtima uli m'malo. Anyamata ndi atsikana sankakhala nawo pabwalo limenelo. Malamulo a kamwedwe analipo, osalembedwa koma olimba, ndipo ankagwira chifukwa mowa unali wa mwakamodzikamodzi, wodalira zimene zili m'nkhokwe.

Zinthu zinasintha amuna atayamba kuchoka m'midzi. Asilikali a Britain atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898, Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka mu 1911, ndipo msonkho unathamangitsira amuna ku mapulazi a fodya, ku Southern Rhodesia, ku Joni, kenako ku migodi ya mkuwa ndi ku Lusaka. Kumeneko anapeza lamulo loletsa munthu wakuda kumwa mowa wa azungu. Anapezanso njira imene inayambira ku Durban mu 1908, yoti khonsolo ya tauni ndiyo yokha ifulule ndi kugulitsa mowa wa masese m'nyumba zake za mowa, phindu lake n'kumayendetsera makomboni a anthu akuda. Kunena kwina, wantchito ankalipira yekha zosowa za komboni yake kudzera m'chikho chimene ankamwera. Mayi wofulula pakhomo, amene kumudzi anali wolemekezeka, m'tauni anasanduka wophwanya lamulo. Apolisi ankabwera usiku, kutaya mowa, kuswa migolo, kulipiritsa. Koma amayi ambiri analibe njira ina yopezera ndalama ya chakudya ndi ya sukulu, choncho sanasiye. M'zaka za m'ma 1950 amayi ofulula mowa ku Lusaka anachita zionetsero zokana nkhanzazi, ndipo chipani cha African National Congress cha Harry Nkumbula chinalimbikitsa anthu kunyanyala nyumba za mowa za makhonsolo. Nkhani ya mowa inalowa m'nkhondo yomenyera ufulu.

M'nyengo yomweyo, ku Kitwe, mzungu wina dzina lake Max Heinrich anayamba kufulula mowa wa masese ndi makina. Nzeru yake inali yakuti mowa wa lero ufanane ndi wa dzulo, chinthu chimene makhonsolo ankalephera. Ankayeza zonse ndi kulemba m'buku zimene wasintha komanso zimene akumwa anena, ndipo kampani imafotokoza kuti dzina la Chibuku linachokera pa buku limenelo. Kampani yake, Heinrich's Syndicate, inkaperekera mowa m'magalimoto a mathanki ku nyumba za mowa, ndipo malonda anakula msanga. Pofika mu 1962 Chibuku chinali chitayamba kufululidwa ku Fort Victoria, kumene lero ndi Masvingo, ndipo pambuyo pake chinafika ku Malawi ndi ku Botswana.

Ndimaona kuti Heinrich tiyenera kumuweruza mbali zonse ziwiri. Iye anaulemekeza mowa wa anthu akuda pa nthawi imene azungu anzake ankauona ngati phala lauve, ndipo anaika ndalama ndi luso lake kuti ukhale waukhondo ndi wodalirika. Komabe msika umene anaulowa unali wotchingidwa ndi lamulo, ndipo otchingiridwa kunja anali amayi omwe anatulukira kafululidweko. M'buku lakelo mukanayenera kukhalanso mayina awo.

Phindu la mowa Heinrich analilowetsa m'nyuzipepala. Ufulu utayandikira anayambitsa Zambia Times ndi Zambia News, koma nyuzipepalazo zinadya ndalama zambiri, ndipo mu 1964 anagulitsa kampani yonse kwa Lonrho ya Tiny Rowland. Rowland anagulanso Northern News ya ku Ndola, naisandutsa Times of Zambia mu 1965, mkonzi wake woyamba ali Richard Hall. Ambiri amene amawerenga Times of Zambia sadziwa kuti Lonrho inalowa m'nyuzipepala za dziko lino kudzera pakhomo la fakitale ya Chibuku.

Lonrho sinakhale nayo yokha kampaniyo nthawi yaitali. Mu April 1968, pa Mulungushi Rock pafupi ndi Kabwe, Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 alionse m'makampani akuluakulu oposa makumi awiri, ndipo makampani a mowa anali m'gulumo. Magawowo anapita ku Indeco, bungwe la boma limene panthawiyo linkatsogoleredwa ndi Andrew Sardanis, ndipo dzina la National Breweries linayamba m'chaka chimenecho. Kuno ku Chipata chilengezo cha Mulungushi anthu achikulire amachikumbukira kwambiri chifukwa cha masitolo a Amwenye, poti chinaletsa anthu osakhala nzika kuchita malonda ang'onoang'ono m'madera ambiri. Koma chinasinthanso mowa. Kuyambira pamenepo boma lenilenilo linakhala mwini wamkulu wa Chibuku, makhonsolo akugulitsa m'mathaveni awo ndi kudalira phindu lake. Boma la anthu akuda linalandira njira ya atsamunda ija pafupifupi yathunthu, ndipo mayi wa m'shabini anapitiriza kuyang'ana kumsewu ngati kukubwera apolisi. Kaunda mwiniwake sankamwa, ndipo ankadzudzula uchidakwa kawirikawiri pamisonkhano, pamene ndalama za m'mathaveni zinkathandiza kuyendetsa makhonsolo a dziko lake.

M'zaka zimenezo Chibuku cha ku Zambia chinadalira kwambiri chimanga kusiyana ndi mapira kapena mawere, chifukwa chimanga ndicho boma linkalimbikitsa, kuchigula kudzera ku bungwe lake la Namboard ndi mabungwe a alimi monga Eastern Cooperative Union, ndi kutsitsa mtengo wake. Apa ndi pamene kampani inamangirirana ndi mphika wa nsima. Mtengo wa ufa ukagwedezeka, Chibuku chimagwedezeka nawo. Zipolowe za ufa za mu December 1986 ku migodi ndi za mu June 1990 ku Lusaka zinasonyeza kuti chimanga m'dziko lino ndi nkhani yogwetsa boma, ndipo chilala cha 1992, pamene anthu anadya chimanga chachikasu chochokera kunja, chinakumbutsa aliyense kuti mowa ndi nsima zimatuluka m'nkhokwe imodzi.

Chipani cha MMD chitalowa mu 1991 ndi kuyamba kugulitsa makampani a boma, National Breweries inabwerera m'manja mwa Lonrho, magawo ena n'kugulitsidwa kwa anthu pa msika wa masheya wa Lusaka. Zaka za m'ma 1990 zisanathe, South African Breweries, imene inali itagula kale Zambian Breweries yopanga Mosi, inatenga ulamuliro. South African Breweries inadzakhala SABMiller mu 2002. Pa nthawi ya eni amenewa National Breweries inali ndi mafakitale ku Lusaka, Kitwe, Ndola ndi Chipata.

Chipata kupezeka pa mndandanda umenewo si nkhani ya chifundo. Kuchokera ku Lusaka kufika kuno ndi makilomita oposa 550, kudutsa mapiri a ku Luangwa ndi kutentha kwa m'chigwa, ndipo kwa zaka zambiri Great East Road inali yokumbikakumbika. Mosi wa m'botolo angayende ulendo umenewo n'kukhala m'sitolo miyezi. Mowa wowira sungatero: tsiku limodzi la panjira ladya kale gawo lalikulu la moyo wake, ndiye pakufunikanso kuufikitsa ku Katete, ku Chadiza, ku Lundazi, ku Mfuwe. Njira inali imodzi, kuufulula pafupi ndi akumwa, ndi chimanga cha alimi a konkuno. Motero mowa wosachedwa kusasa unabweretsa ntchito m'tauni imene mafakitale ndi owerengeka, makamaka fakitale ya njinga ya Luangwa Industries itafooka. Amene amagawa mowawo m'makomboni a Kapata, Mchini ndi Nabvutika, ena pa njinga zomwe Chipata imadziwika nazo, amakhala pa liwiro lomwelo lothamangitsana ndi kusasa.

Chaka cha 2012 chinabweretsa zinthu ziwiri. Choyamba, mu April, nduna ya maboma ang'ono Nkandu Luo inaletsa tujilijili, timapaketi ta mowa waukali timene tinkagulidwa ndi ndalama yochepa kwambiri, kubisidwa m'thumba, ndi kumwedwa ndi ana asukulu ndi madalaivala. Amene anaona zimene timapaketito tinachita kwa anyamata a m'misika sangaiwale. Pafupi ndi tujilijili ndi kachasu wotchezedwa mosasamala, mowa wa masese ndi wofatsa, uli ndi chakudya m'kati, ndipo umakhutitsa munthu asanaledzere kwambiri. Izi sizikutanthauza kuti ndi wosalakwa. Thaveni yotsegula m'mawa imameza ndalama ya feteleza ndi ya yunifolomu chimodzimodzi, ndipo malire amene mudzi unkaika pa mowa kampani siingawaike, chifukwa imakhalira kugulitsa tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri, m'chaka chomwecho kampani inatulutsa Chibuku Super, choyambira ku Kitwe. Umenewu ndi mowa wa masese wotenthetsedwa kuti kuwira kuime, wothiridwa mpweya, wotsekeredwa m'botolo la pulasitiki, wa mphamvu yokhazikika ya 3.5 peresenti, wokhala pafupifupi masabata atatu. Vuto limene Heinrich analisiya losathetsedwa linapeza yankho. Mowa wa masese tsopano ukanatha kukwera lole, kulowa m'sitolo yaikulu, kukhala m'firiji pafupi ndi Mosi. Kwa owerengera ndalama za kampani chinali chipambano. Kwa tauni ngati Chipata nkhaniyi ili ndi mbali ina yodetsa nkhawa, chifukwa mowa umene ungayende masabata atatu suumirizanso mwini wake kumanga fakitale kutali ndi Lusaka. Ndipo akumwa ambiri achikulire amanenabe kuti wa m'botolo ndi wosalala bwino koma si womwewo.

Eni anasinthanso. AB InBev inameza SABMiller mu 2016, ndipo posakhalitsa inagulitsa magawo 70 pa 100 a National Breweries kwa Delta Corporation ya ku Harare, malonda amene anatsirizika kumayambiriro kwa 2018. Magawowo anali akusungidwabe m'dzina la Heinrich's Syndicate, patatha zaka zoposa 50 chichokere mwini dzinalo. Delta ndi imene imafulula Chibuku ku Zimbabwe, choncho mowa umene unawoloka Zambezi kupita kum'mwera mu 1962 unabwerera ngati mwini nyumba. Zaka zotsatira sizinali zofewa. Makampani ang'onoang'ono ogulitsa mowa wa m'madiramu motchipa, kuzima kwa magetsi, ndi kukwera kwa chimanga, makamaka pa chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko mu February 2024, zonse zaipanikiza kampaniyi.

Mlendo wopita ku South Luangwa amadutsa m'Chipata n'kukhotera ku Mfuwe, ndipo madzulo kumalo ogona amapatsidwa zakumwa za kutali. Pakati pa mabotolo a pa shelefu pamakhala vermouth wa ku Italy, amene amasakaniza ndi jini. Mbiri ya chakumwa chimenecho imandiphunzitsa kanthu za chathu. Vermouth ndi vinyo wothiridwa shuga, mowa waukali pang'ono, ndi zitsamba, chachikulu mwa izo chili chitsamba chowawa cha mtundu wa artemisia. Anthu a kumapiri a Piemonte ankathira zitsamba m'vinyo kuyambira kale ngati mankhwala a m'mimba. Mu 1786 Antonio Benedetto Carpano, wogwira ntchito m'sitolo ya zakumwa ku Piazza Castello mumzinda wa Turin, anakonza kasakanizidwe kake n'kuyamba kugulitsa, ndipo banja lachifumu la Savoy linachikonda. Anachita zimene Heinrich anadzachita ku Kitwe: kutenga nzeru ya anthu wamba, kuiyeza, kuilemba, kuipatsa dzina. Makampani a vermouth nawonso anasintha eni. Martini & Rossi, imene inayamba mu 1863, inapita kwa Bacardi mu 1993, ndipo Carpano ali m'manja mwa Fratelli Branca ya ku Milan kuyambira 2001. Fakitale yakale ya Carpano pa Via Nizza lero ndi sitolo ya zakudya ya Eataly, ndipo m'chipinda cham'mwamba muli malo osungirako mbiri ya kampaniyo.

Kusiyana kuli pawiri. Vermouth wa ku Turin ali ndi mphamvu ya 16 mpaka 22 peresenti, choncho botolo losatsegula limakhala zaka, ndipo linakwera sitima zapamadzi kupita ku New York ndi ku Buenos Aires kalekale. Wathu sakanatha kuyenda chotero. Kusiyana kwachiwiri ndiko kumandikhudza kwambiri. Mu 2017 boma la Italy linakhazikitsa lamulo lofotokoza chimene chingatchedwe Vermouth di Torino: vinyo akhale wa ku Italy, chitsamba chowawacho chikhale cholimidwa kapena kuthyoledwa ku Piemonte, ndipo apangidwire komweko. Lamulolo linapemphedwa ndi opanga okha, aakulu ndi aang'ono pamodzi. Zotsatira zake n'zakuti ngakhale kampani igulidwe ndi anthu a kutsidya la nyanja, dzina ndi luso zimatsala kwa mlimi wa zitsamba ndi mzinda wake. Kwa ife dzina lotetezedwa ndi lamulo ndi la kampani lokha. Kafululidwe ka mowa wa mawere wa Angoni a ku Mtenguleni kapena wa Achewa a ku Katete kalibe pepala lililonse lokateteza, kalibe nyumba yosungiramo mbiya ndi zipanda zake, ndipo wofulula akatuluka m'mudzi n'kukagulitsa m'tauni amakhalabe pangozi yogwidwa.

Sindikunena kuti National Breweries inaba mowa wathu n'kuthawa nawo. Inapatsa wantchito wa m'tauni chakumwa chaukhondo cha mtengo wofikirika, inagula chimanga cha alimi, inalipira misonkho, ndipo inasunga kakomedwe ka masese pakamwa pa mibadwo imene inakulira kutali ndi mudzi. Popanda Chibuku, mwina mdzukulu wobadwira ku Matero kapena ku Chimwemwe sakanadziwa n'komwe kuti mowa umatafunidwa pang'ono. Koma Chibuku ndi mtundu umodzi wokha, wa chimanga, wopangidwa kuti ukomere aliyense kuyambira ku Livingstone mpaka ku Mwami. Wa kumudzi unali wosiyanasiyana malinga ndi mbewu, madzi, mbiya ndi dzanja la wofulula.

Choncho mlendo wofuna kulawa cha kuno, ngati ndi wamkulu ndipo amamwa, ndingamulangize ziwiri. Agule pakiti, osati botolo, ndipo afunse wogulitsa kuti yabwera liti: ya tsiku loyamba ndi yotsekemera, ya tsiku lachiwiri kapena lachitatu ndiyo ambiri amati yafikapo. Ndiyeno, ngati ulendo wake ukugwera kumapeto kwa February pa mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni, kapena kumapeto kwa August pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, apemphe amene akumusunga kuti amuperekeze kwa mayi amene wafulula wa mawere. Akakhale pansi, adikire kuti mwini mowa ayambe walawa, alandire chipanda ndi manja awiri, ndipo alipire mtengo umene wauzidwa osanenerera. Minda ya mawere ikuchepa chifukwa feteleza wotchipa wa boma ndi msika wa Food Reserve Agency zimakokera mlimi ku chimanga, ndipo atsikana ambiri masiku ano amakula osaonapo chimera chikuyanikidwa. Amayi odziwa ntchitoyi kuyambira kunyika mpaka kusefa alipobe m'midzi ya Mpezeni, Madzimawe ndi Kawaza, koma ambiri mwa iwo ndi agogo.